Kasitomala wa nthawi zonse amafuna kukumbukiridwa

Achemwali, choyamba dziwani dzina lake komanso mafuta amene amadzola. Za mphatso zibwere pambuyo. Ine ndinagulitsapo zodzoladzola ku Limbe, ndipo panali mayi ena amene ankadumpha mashopu awiri kudzagula kwathu chifukwa ndikangowaona ndinkatulutsa Vaseline wawo asanayankhule n'komwe. Katundu watsopano akafika ndinkawauza pa WhatsApp, koma kamodzi kokha, osati tsiku ndi tsiku ngati ndikulonjerera ngongole.

Chinanso, musamunamize kuti chilichonse chikumukhala pongofuna kugulitsa, akazindikira sabweranso. Kabasela ka sopo nakonso kamakoma.

Koma akabwera ndi zidzolo kapena khungu lowauka ndi mafuta oyeretsa aja, musamusankhire ena. Mutumizeni kuchipatala akaonane ndi dokotala wa khungu.