Kuka ikamakugwirani shoko musaizolowere, yankho kwa mayi a ku Nchalo

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Nchalo, dzina sinditchula poti sanandilole kutero. Akuti achimwene awo amene ali ku Joni anawatumizira kuka ya mapuleti anayi ya uvuni pansi, yogwirapo kale ntchito koma yooneka bwinobwino, ndiye mnyamata wina wa pafupi anawalumikizira waya nkuika pulagi, kuka ija nkumayaka kudzera pa ekisitenshoni. Pano akayatsa mapuleti awiri pamodzi ndi uvuni soketi ikumatentha mpaka kununkha pulasitiki, komanso akagwira poto kapena chitseko cha uvuni ali osavala nsapato ikumawagwira kashoko pang'ono. Funso lawo ndi lakuti, kodi makuka akale onse amatero? Nanga aziisamala bwanji kuti ikhalitse poti akufuna ayambe kuphika masikono ogulitsa?

Mayi, zikomo polemba. Ine ndaphika masikono pa kuka kwa zaka zambiri kuno ku Ngabu ndiye zambiri ndinena pano ndi zoti ndaziona ndi maso. Koma ndisanafike ku masikono, chonde, lero lomwe zulani pulagi ya kukayo ndipo muyambe mwabwerera kaye pa mbaula mpaka wa magetsi weniweni ataiona. Kuka sigwira shoko chifukwa cha ukalamba ayi. Ikamagwira ndiye kuti penapake mkatimo magetsi akuthawira ku chitsulo cha kunja, mwina elementi (kachitsulo ka mkati kamene kamatenthetsa) ya puleti ina yatha, mwina khoswe anatafuna waya kumbuyoko, ndipo waya wa ethi uja wobiriwira ndi chikasu amene amayenera kutenga magetsi othawawo nkuwapititsa pansi sanalumikizidwe. Ndiye magetsiwo akusowa podzera, akudzera mwa inuyo. Lero ndi kashoko pang'ono chifukwa simenti ndi youma, tsiku lina mudzakhala mutangokolopa kumene, manja onyowa, kapena adzakhala mwana wanu wamng'ono wagwira chitseko chija ali chimapazimapazi, ndipo nkhani yake idzakhala ina.

Za soketi yotenthayo chifukwa chake nchosavuta kumva. Masoketi athu a m'nyumba a mapini atatu aja ndi a 13 amp, ndipo pa magetsi athu a 230 volts ndiye kuti amatha kunyamula mawati pafupifupi 3,000 basi. Puleti yayikulu imodzi yokha imadya cha m'ma 2,000, uvuni nawo 2,000 kapena kuposa, ndiye mukayatsa mapuleti awiri ndi uvuni mwadutsa kale malire kutalitali, waya wa ekisitenshoni woonda ngati chingwe cha wailesi uja angapirire bwanji? Amatentha, pulasitiki nkusungunuka, ndipo nyumba zambiri zimapsa choncho, moto kuyambira kuseri kwa kabati anthu ali pa khonde. Kuka ya mapuleti anayi imafuna laini yakeyake kuchokera pa bokosi la mabuleka, waya wonenepa wa 6mm, buleka yake ya 30 kapena 32 amp, ndi swichi yayikulu yofiira ija pa khoma, yoikidwa cha pambali kuti pozimitsa musamadutsitse mkono pamwamba pa mapoto. Pezani wa magetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mumuuze ayeze ethi ya nyumba yonse osati ya kuka yokha, ayezenso elementi iliyonse payokhapayokha. Ndikudziwa ndalama yake imawawa, waya wa 6mm siwotchipa, koma bola kuchedwetsa bizinesi ya masikono ndi mwezi umodzi.

Zimenezo zikakonzedwa, chinthu chimene ndimauza aliyense wogula kuka kuno ku chigwa cha Shire ndi cha kuthima kwa magetsi. Mukukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga damu lopangira magetsi la Kapichira mu Januware 2022, ma megawati pafupifupi 130 kuchoka nthawi imodzi, dziko lonse kumakhala maola ambirimbiri mu mdima kwa chaka ndi miyezi. Nthawi imeneyo ndi imene ine ndinaphunzira phunziro langa. Tsiku lina madzulo ndinkakazinga mlamba pa puleti ya kutsogolo magetsi nkuthima, ndinangonyamula chiwaya kupita nacho panja pa mbaula, batani la puleti ndinalisiya pa 6 pomwepo osaganizako. Titadya mwana wanga anasanjika beseni la pulasitiki la mbale zotsuka pamwamba pa kuka poti inali itazizira. Magetsi anabwera usiku tonse tili panja pa mkeka kuthawa kutentha kwa mnyumba, chimene chinatidzutsa ndi fungo. Kulowa mkhitchini utsi wakuda uli tolotolo, beseni lasungunuka likudontha mmbali mwa kuka ngati phula, kamoto kabuluu kakuyenda mmphepete mwake ndipo katani ya pa windo inali patali ngati chikhatho chimodzi basi. Ndinathamangira ku bokosi kuzimitsa meni swichi, manja akunjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo magetsi akangothima, ndisanayatse ngakhale tochi ya pa foni, ndimayamba ndabweza mabatani onse pa 0 kenako swichi ya pa khoma, ndipo aliyense mnyumba muno mpaka wamng'ono amadziwa kuti pamwamba pa kuka sipaikidwa kanthu, kaya ndi yozizira kaya magetsi kulibe sabata yonse.

Ndatchula katani, ndiye ndinenerepo. Kuno mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, palibe amene angaphike atatseka windo ndi chitseko, ndiye mphepo imauluza katani mpaka pa puleti. Ngati kuka ili pafupi ndi windo chotsani kataniyo kapena muziimanga. Chitenje nachonso mangani bwino, nsonga isamalendewere. Zogwirira za mapoto zizilozera mkati osati kunja kumene mwana angakoke, ndipo ana asamakhalire kapena kukwera pa chitseko cha uvuni chikatsegulidwa, kuka yonse imatha kugubuduka nkuwagwera pamodzi ndi zonse zili pamwamba.

Mafuta akagwira moto mu chiwaya musathire madzi, chonde musathire madzi. Madzi amalowa pansi pa mafuta nkusanduka nthunzi nthawi yomweyo ndipo moto umalumpha mpaka kudenga ndi kumaso kwanu. Zimitsani puleti, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo kapena thireyi, musiye choncho mpaka chizizire, osanyamula chiwaya kuthamanga nacho panja. Ufa nawonso ayi, umayaka. Moto ukayamba mkati mwa uvuni zimitsani nkusiya chitseko chotseka, umazima wokha posowa mpweya. Ndipo wina akapsa, ikani pamene papsapo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira monga ambiri amachitira, bala likakhala lalikulu kapena ndi mwana thamangirani kuchipatala.

Tsopano za kasamalidwe. Mdani wamkulu wa mapuleti achitsulo aja kuno kwathu ndi dzimbiri, ndipo madzi a m'mijigo yambiri ya Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere, mukamapukuta ndi nsanza yonyowa nkusiya choncho miyezi ingapo puleti yafiira yayamba kusupuka. Ine ndimatere, kuka ikazizira ndazimitsa pa khoma, ndimapukuta ndi nsanza yofinya kwambiri ya sopo pang'ono, kenako ndimayatsa puleti iliyonse mphindi imodzi kuti iume, ikatsala yofunda ndimapaka kadontho ka mafuta ophikira ndi kapepala. Kamodzi pa sabata zakwana. Osakhuthulira madzi pamwamba ngati mukutsuka khonde, amalowa pansi pa puleti pamene pali mawaya ndipo shoko ija imayambira pomwepo. Phala la nsima likasefukira dikirani lizizire mupale, mukalisiya limapserera nkuuma gwa.

Mapoto amene akhala pa mbaula zaka zambiri pansi pake pamakhala popindika ndi mwaye, pa puleti amangokhudza pakati kapena mmbali mokha, ndiye chakudya chimachedwa kupsa mayuniti akungopita ndipo puleti imatentha mopyola mpaka kung'aluka. Patulani mapoto awiri atatu a pansi pathyathyathya akhale a pa kuka okha. Komanso mapuleti amenewa amasunga moto nthawi yayitali, mpunga kapena nyemba mutha kuzimitsa kutatsala mphindi 5 kapena 10 zimamalizika zokha, pa mwezi mudzaona kusiyana pa mita.

Mu uvuni, anthu ambiri amausandutsa kabati, mumapezeka buledi, mbale za pulasitiki, ndiwo zotsala dzulo. Zimenezo ndi zimene zimaitana mphemvu ndi makoswe, ndipo khoswe akalowa kumbuyo amakonda thonje loteteza kutentha lija, amamangamo chisa nkumatafuna mawaya. Kuka yanu poti yayenda ulendo wautali ndipo simukudziwa inasungidwa pati, wa magetsi uja atsegule chitsulo cha kumbuyo muone nokha ndi maso. Potsuka mkati simukusowa mankhwala odula a mushopu, soda yemweyu timathira mu therere, sakanizani ndi madzi pang'ono akhale ngati phala, pakani mmakoma ndi pansi koma osakhudza elementi, agone usiku, mmawa mupukute ndi nsanza ya madzi a mandimu kapena viniga. Galasi la chitseko musalikwechese ndi sitiliwulo komanso musalithire madzi ozizira lili lotentha, limasweka. Muonenso laba ya mmphepete mwa chitseko, ikaduka kapena kuuma moto umathawira pomwepo ndipo masikono amapsa mbali imodzi.

China chimene ife a ku chigwa sitingachidumphe ndi madzi osefukira. Amene anaona za namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene madzi amalowera mnyumba usiku umodzi. Kuka ikamizidwa, ngakhale mpaka pa uvuni pokha, musaiyatse chifukwa choti kunja yauma, thonje la mkati ndi ma elementi zimasunga madzi ndi matope kwa masabata. Iyezedwe kaye. Ngati kwanu ndi kotsika, mangani kachiunda ka njerwa ndi simenti kolimba kofanana bwino kukayo ikhale pamwamba.

Mwina mudzaganiza zogula kasilinda ka gasi kothandizira magetsi akathima, ambiri akutero pano. Silinda izikhala choimirira, pa mthunzi, kutali ndi mbaula. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndiye akamatuluka amakhala pansi, mukamva fungo lake tsekani pa silinda, tsegulani zitseko, osakhudza swichi iliyonse kapena machesi. Poyesa ngati payipi ikutulutsa pakani thovu la sopo, likamatupa ndiye kuti pali bowo. Mbaula nayo ya makala izikhala panja, mnyumba motseka utsi wake wosaoneka uja umapha anthu ali mtulo.

Za masikono, uvuni uyambe watentha mphindi 15 musanalowetse thireyi, pa madigiri 200 kapena 220, shelefu ya pakati, ndipo musamatsegule chitseko pafupipafupi, yang'anirani pa galasi. Ma uvuni akale manambala a pa batani samagwirizana kwenikweni ndi moto wa mkati, ndiye ulendo woyamba phikani ochepa kaye a pa nyumba, muone ngodya imene ikupsereza, mudziwe nthawi yotembenuza thireyi. Wanga amapsereza kumbuyo cha kumanzere ndiye pakatha mphindi 8 ndimatembenuza. Gwiritsani nsalu youma potulutsa thireyi, yonyowa imalowetsa moto mmanja nthawi yomweyo.

Kumbuyo kwa kuka yanu kapena mmphepete mwa chitseko cha uvuni pali kachitsulo kapena kapepala kolembedwa mawati ake onse, mukajambule pa foni mumuonetse wa magetsi asanagule waya ndi buleka, ndipo akamaliza ntchito mundilemberenso mundiuze chimene anapeza kumbuyoko.