Ma detail a AutoCAD mu Revit: musathamangire Explode

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a kwathu ku Zomba, omwe angoyamba kumene ntchito yojambula mapulani pa ofesi ina ku Randburg, kuno ku Johannesburg, m'dziko la South Africa. AutoCAD ndi Revit ndi mapulogalamu a pakompyuta ojambulira mapulani; DWG ndi mtundu wa failo ya AutoCAD, ndipo detail ndi chojambula choonetsa kagawo ka nyumba mwatsatanetsatane. Funso lawo ndi ili: "Abwana andipatsa ma detail a DWG ochokera kwa ogulitsa mawindo a aluminiyamu ndi ena a zadenga, akuti ndiwalowetse mu Revit. Ena akubwera aang'ono kwambiri, ena sakuoneka n'komwe, ndipo failo yayamba kulemera. Anzanga akuti ndingopanga Explode. Nditani?"

Achemwali, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa musanadine batani limenelo. Mukapanga Explode, yomwe imaphwanya DWG kukhala tizidutswa, layer iliyonse ya m'DWG imasanduka Line Style m'pulojekiti yanu, mtundu uliwonse wa zilembo umasanduka Text Type, ma hatch (timizere todzaza m'kati mwa chojambula) nawo amabwera ndi ma pattern awo. Ngakhale mufufute detail yonseyo, zinthuzi zimatsala, ndipo zina mumachita kuchotsa pamanja, chimodzichimodzi. Kuli ngati kuthira mchenga mu ufa: kuthira n'kosavuta, kupeta ndiye ntchito. Muofesi yomwe anthu angapo akugwira pa failo imodzi ya central, yomwe onse amasungiramo ntchito yawo, vutolo limagwera onse. Revit yomweyo imakana kuphulitsa DWG yomwe ingatulutse zidutswa zoposa 10,000.

Ntchito imayambira ku AutoCAD, Revit musanaitsegule. Tsegulani failo ya ogulitsayo, sankhani detail yokhayo yomwe mukufuna, muitulutse ndi WBLOCK kuti ikhale payokha. Mu failo yatsopanoyo pangani AUDIT, PURGE, kenaka OVERKILL kuti mizere yosanjikizana ichoke. Onetsetsaninso kuti chojambulacho chili mu model space, malo ojambulira enieni, osati pa tsamba losindikizira.

Za kuchepa kuja, vuto ndi mayunitsi. Detail yojambulidwa m'mainchi ikawerengedwa ngati mamilimita imachepa ka 25.4, ndipo ya m'mamita imachepa ka 1,000. Ma detail otengedwa pa intaneti kuchokera ku America nthawi zambiri amakhala a mainchi. Ine sindidalira Auto-Detect. Ndimayeza kaye chinthu chomwe ndikuchidziwa, monga njerwa, yomwe kuno ndi 222 x 106 x 73 mm, ndiye polowetsa ndimasankha ndekha yuniti yoyenera.

Zosaonekazo kawirikawiri zilipo ndithu, kungoti zili kutali. Ma surveyor a kuno amagwiritsa ntchito Hartebeesthoek94, maziko a miyezo ya malo m'dziko muno, ndipo pa dongosolo lawo la ma coordinate lotchedwa Lo, Johannesburg ili pafupifupi mamita 2.9 miliyoni kum'mwera kwa equator. Ngati wina anadula detail kuchokera pa pulani yokhala pa ma coordinate amenewo, Revit imavutika, chifukwa siigwira bwino zinthu zotambalala kupitirira mamailo 20, omwe ndi makilomita pafupifupi 32. Mizere imayamba kunjenjemera, snap (yomwe imakakamiza cursor kugwira pa mzere) imaphonya. Nthawi zina wolakwa ndi kadontho kamodzi koiwalika kutali uko. Pangani Zoom Extents ku AutoCAD, fufutani zotayika, musunthire detail pa 0,0.

Tsopano ku Revit. Musalowetse m'pulojekiti yeniyeni. Tsegulani pulojekiti yongoyeserera kuchokera ku template ya ofesi yanu, pangani Drafting View pa sikelo yoyenera, kaya 1:5 kapena 1:10, ndiye mugwiritse Link CAD osati Import CAD. Link mutha kuichotsa bwinobwino ku Manage Links, pomwe Import imakhazikika m'kati mwa failo. Pa Colors sankhani Black and White, poti chikasu cha AutoCAD sichioneka pa pepala loyera. Kenaka jambulani pamwamba pake: Pick Lines ndi ma Line Style a ofesi yanu, Filled Region m'malo mwa hatch, Detail Component pa njerwa, mabawuti ndi ma purlin (mitanda yokhomerapo malata). Mawu lembaninso ndi zilembo zanu. Mukamaliza chotsani link, mupite ku pulojekiti yeniyeni, mukoke view yoyerayo ndi Insert Views from File.

Ndikudziwa, abwana akaima kumbuyo kwanu Lachisanu masana njirayi imaoneka yaitali. Koma ndimaiumirira pa chifukwa china choposa ukhondo wa failo. Pojambulanso mzere uliwonse mumakakamizika kufunsa kuti mzerewo ndi chiyani. Apa ndi pomwe mumazindikira kuti windolo analikonzera khoma la matabwa, pomwe lanu ndi la njerwa ndi pulasitala, kapena kuti palibe DPC (chotchinga chinyezi) pansi pa sill, tsinde la windo. Mumaona kuti box gutter, ngalande ya madzi ya padenga, ilibe overflow (potulukira pena madzi akadzadza), chonsecho mvula ya matalala ya kuno m'miyezi yotentha imatseka potulukira madzi m'mphindi zochepa, madzi n'kubwerera m'siling'i. Wogulitsa amajambula kuti katundu wake aoneke bwino, sanaone nyumba yanu. Mapulani akapita ku khonsolo amayezedwa ndi SANS 10400, miyezo ya kamangidwe ya dziko lino: Part N pa magalasi, Part L pa madenga, Part XA pa kasungidwe ka mphamvu, ndipo woyankha ndi yemwe analembetsa ku SACAP (bungwe lolembetsa akatswiri ojambula mapulani a nyumba) n'kusaina, osati kampani yomwe inatumiza DWG. Mukapeza chokayikitsa, chizungulizeni pa pepala mukawaonetse abwana musanachiike pa sheet.

Ngati nthawi yathinadi, siyani DWG yotsukidwayo ili yolinkidwa mu Drafting View, mukonze makulidwe a mizere ku Visibility/Graphics, pa Imported Categories, mudzaijambule bwino pambuyo. Failoyo muisunge m'foda ya pulojekiti pa seva, chifukwa ikakhala pa desktop yanu, anzanu akatsegula adzapeza link yosowa. Ma detail omwe mwamaliza muziwasunga mu failo imodzi ya Revit ya ofesi yonse, ndi dzina la wogulitsa komanso deti lomwe DWG inabwera, kuti akadzasintha profile ya windo mudzadziwe yoti mukonze.