Sokosi inagwa pa perekaniperekani

Achemwali, funso lanu la bra yoyenera munthu amene mawere ake ndi osiyana kukula ndaliwerenga ndili m'minibasi ya ku Bangwe mpaka ndapitirira siteji yanga. Ine bere lamanzere ndi la kapu ya D, lamanja ndi B, ndiye zoti bra ikakwana uku kwinaku kumatsala mphako musachite kundiuza. Kusiyanaku kunalipo chiyambire ndili namwali koma kunali kochepa. Anadzakuonjezera ndi mwana wanga wachiwiri amene anakana bere lamanja ali ndi miyezi itatu. Bere limene mwana akuyamwa ndi limene limapanga mkaka wambiri, linalo limayamba kufota. Ndinayamwitsa mbali imodzi chaka ndi theka, ndipo atasiya sizinabwererenso mwakale.

Tsono mu 2019 kunali ukwati wa mng'ono wa amuna anga, holo ina ku Chilomoni. Akuchimuna tinasoketsa yunifomu ya chitenje, yothina pachifuwa. Litatsala tsiku limodzi ndinathamangira ku Limbe kukafuna bra ku kaunjika. Mayi wogulitsayo ndinachita kumunong'oneza vuto langa, pakhutu penipeni. Iye basi kutembenuka n'kukuwira mnzake wa benchi lachitatu uko: “Iwe, amayi awa akuti awo ndi lina lalikulu lina laling'ono, uli nayo yachoncho?” Anyamata ogulitsa majumbo onse cheu! Kenako anandiyeza ndi maso n'kunena kuti nditenge 36C, yapakatikati, “kuti onse agawane”, kotsalako ndiikeko sokosi. Ndi manyazi aja ndinangolipira osaiyesa n'komwe, ndimangofuna kuchokapo.

M'mawa wa ukwati ndikuvala, lamanzere likusefukira pamwamba ngati phala, waya akundibaya m'nthiti, lamanja kapu ili mbee. Ndinatenga sokosi ya kusukulu ya mwana wanga wamkulu, yoyera ya mizere iwiri yabuluu, n'kuipinda katatu. Kutchalitchi inakhala bwinobwino. Kuholo, MC ataitana akuchimuna onse, ine ndi ma K200 anga m'manja kuvina kochita kutsika nako pansi, thukuta lili kamukamu. Ndinangomva kanthu kakutsetsereka pamimba. Pamene ndimati ndigwire, inali itatulukira kale kumiyendo, ili pa simenti pakati pa ndalama. Kamtsikana kotolera ndalama kanaitola n'kukaiponya mu lichero limodzi ndi ndalamazo. MC kuinyamula m'mwamba ndi zala ziwiri: “Akuchimuna, ndalama zatha kodi, mwayamba kufupa masokosi?” Holo yonse kuseka. Ine ndikanapulumuka, palibe anaona kumene yachokera. Koma mlamu wanga wamkazi, amene ndinavalira naye chipinda chimodzi m'mawa uja, anakuwa kuti, “Ndi ya alamu anga iyo, yagwa kuchokera kumtunda!” Apongozi anga aamuna ali pampando wakutsogolo. Wojambula vidiyo n'kundilozetsa kamera pachifuwa, mbali imodzi ili phwa.

Wa kaunjika uja ndinamukhululukira, sandidziwa, amafuna ndalama yake. Koma mlamu ameneyu, munthu amene ndinamusunga m'nyumba mwanga ku Bangwe zaka ziwiri akuphunzira, sopo ndi mafuta odzola ndikumugulira ndine. Mpaka lero sanapepese, akuti inali nthabwala chabe, ine ndiye wosachedwa kupsa mtima. Pa Khirisimasi amaikumbutsabe nkhaniyi anthu akudya. Ndinakhala miyezi ndikufunda nsalu paphewa ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye inu musagule yapakatikati, ndi bodza limenelo. Gulani yokwana bere lalikululo, chifukwa mphako mutha kuitseka koma losefukira mulibe kolibisa, ndipo waya akakhala pabere amapweteka. Bwerekani tepi kwa telala. Yezani pansi pa mawere mothinitsa, kenako pamwamba podutsa pansonga. Kusiyana kwa inchi imodzi ndi A, ziwiri B, zitatu C, zinayi D. Kwa ife osiyanafe, yezani mbali yaikuluyo yokha, kuchokera pafupa la pakati pa chifuwa kukafika pamsana, muwirikize kawiri. Ine nditatero ndinapeza kuti ndine 34D, osati 36C. Kapu ya ziwirizi kukula kwake ndi kumodzi, koma lamba wa 36 anali wokhwepa, amakwera kumsana, n'chifukwa chake kapu imayasama pansi sokosi n'kupeza njira. Chimene chimanyamula mawere ndi lamba wozungulirayo, zingwe za paphewa zimangothandizira. Yatsopano izikukwanani pa ngowe yoyambirira, yakunja, kuti ikamatanuka muzisunthira mkati. Chingwe cha mbali yaing'onoyo mufupikitse pang'ono kuposa chinacho. Za lesi yotanuka zimatsata bere lililonse mmene lilili, pamene zouma za siponji zija zimabisa bwino mu bulauzi koma mkati mphako imakhalapobe.

Kuikamo zinthu ndiye ayi, mwamva nokha zimene zinandionekera. Anthu azolowere, azimayi ambiri mawere awo salingana, kungoti sitionetsana. Komabe ine mpaka lero ndimaika, sindinama. Ndimachotsa kasiponji ka mu sports bra yakale, telala wanga wamkazi amandisokera kathumba mkati mwa kapu yamanja, n'kukadina ndi ulusi malo awiri. Wamwamuna musamupatse ntchito imeneyi, mawa nkhani ili pakhonde ponse. Kaunjikanso ndinalumbira kuti sindidzapondako, koma kunena zoona zolimba zili komweko, zina za m'mashopu miyezi itatu lamba watha. Ingopitani ndi tepi yanu m'chikwama, ndipo dziwani kuti zolembedwa 75 kapena 80 ndi za ku Ulaya, 75 ndiye 34, 80 ndiye 36. Muyese pamwamba pa T-shirt ndithu, akakana chokanipo, ndipo musamuuze wogulitsa chilichonse cha thupi lanu.

Koma simunanene ngati munakula nazo kapena zayamba posachedwa. Ngati bere langosintha lokha musakuyamwitsa, kapena mukumva kachotupa, nsonga yalowa mkati, ikutulutsa magazi, khungu lachita timaenje ngati la lalanje, siyani za bra kaye mupite kuchipatala cha kwanuko kapena ku Queens akakuoneni sabata yomwe ino. Ine ndinapita nditasiya kuyamwitsa, anandipima, panalibe kanthu.

Mukafuna telala uja ndipezeni ku inbox, ali cha ku Namiyango. Vidiyo ya ukwati ija apongozi anga aakazi adakali nayo, alendo akabwera n'kuiika ine ndimanyamuka kukatsuka mbale.