Mnyamata wovulalavulala uja musamutaye

Achimwene ena a ku Rosettenville, kuno ku Joni, andilembera imelo. Patimu yawo ya Amalawi yosewera Lamlungu ali ndi mnyamata wakutsogolo, waliwiro kwambiri, koma akangosewera magemu awiri wagwira kuseri kwa ntchafu, mwezi wathunthu ali panja. Akufunsa ngati munthu wotere angadzakhazikikenso, kapena angoyang'ana wina.

Achimwene, amakhazikika ndithu. Ousmane Dembélé atafika ku Barcelona mu 2017 ankangokhalira ntchafu yomweyi, mpaka kuchitidwa opaleshoni, masapota n'kutopa naye. Anapita ku timu ya PSG ya ku France mu 2023, ndipo mu 2025 anatenga chikho cha Champions League ndi Ballon d'Or, mphoto ya wosewera woposa onse pachaka. Ronaldo wa ku Brazil anavulala bondo mu 1999 ali ku Inter, anabwerera mu Epulo 2000 n'kugwanso patangotha mphindi zochepa, koma pa World Cup ya 2002 anamwetsa zigoli 8. Ena zimawakanika: Abou Diaby wa Arsenal chimuthyolereni kakolo ku Sunderland mu 2006, thupi silinamulolenso kusewera mokhazikika.

Wanuyo vuto lake ndi la mnofu, ndipo limatheka. Chomwe chimapusitsa n'chakuti ululu umatha msanga mphamvu zisanabwerere. Pomwe panang'ambika pamatsala chipsera, mnofu uli wofooka. Mnyamata akuyenda bwinobwino kupita ku ntchito, akukwera takisi osatsimphina, inu n'kumati wachira. Akangothamangira mpira woyamba ndi liwiro lonse, pang'ambikanso pomwepo. Ndiye onjezani mabwalo a kuno ku Joni mu Juni ndi Julaye, ouma gwaa, munthu atangofika kumene n'kulowa osatenthetsa thupi m'mawa wozizira.

Muchite izi. Agwade pansi, mnzake amugwire zolimba m'akakolo, iye azigwera kutsogolo pang'onopang'ono msana uli chilili, akulimbana ndi kugwako mpaka manja atafika pansi. Ayambe ndi kangapo chabe, kawiri pamlungu, ululu utatheratu. Mawa lake ntchafu zimawawa, asadabwe. Kuthamanga ayambe mwapang'ono, liwiro lizikwera mlungu ndi mlungu. Ngati ndalama ilipo, aonane ndi physio, katswiri wachipatala wothandiza ovulala minofu, kamodzi kokha.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti ambiri timawaononga ndife eni, pofuna kupambana gemu ya Lamlungu likubwerali. Akadzabwerera mumulowetse mphindi 20 zomaliza, ngakhale akuchondereni kuti ayambe.