Ndigule Ndodo ndi Mipira Yotani ya Gofu?

Funso: Ndangoyamba kumene kusewera gofu, koma ndalama zanga n'zochepa. Kodi ndigule ndodo ndi mipira yotani? Wowerenga wa ku Lilongwe.

Yankho: Malamulo a gofu amalola ndodo zosapitirira 14 m'chikwama, koma inu simukufunikira zonsezo panopa. Ndodo zotchedwa hybrid (yomenyera mpira kutali), 7-iron ndi 9-iron (zomenyera chapafupi), sand wedge (yotulutsira mpira mumchenga) ndi putter (yolowetsera mpira m'dzenje) zikukwanirani, ndipo driver (yomenyera kutali kwambiri), yomwe imavuta kuiwongolera, ingadikire. Gulani zogwiritsidwapo kale ntchito, koma muonetsetse kuti ndodozo sizinapindike ndiponso kuti labala ya pogwirira sinaperepeseke.

Pa mipira, musawononge ndalama pa mipira yodula ya Titleist Pro V1, chifukwa wophunzira amataya mipira yambiri m'tchire ndi m'madzi. Mipira ya zigawo ziwiri (cham'kati ndi chikuto chokha) ndi yotsika mtengo komanso yolimba.