Yankho kwa achimwene a ku Chinkhoma ofuna zitsulo zokulitsira mikono

Achimwene, mwafunsa kuti kandalama mwapeza mutagulitsa soyaka mugulire chiyani kuti mikono ikule, kuyambira paphewa mpaka kumunsi kwa chigongono, ndipo mwaika chithunzi cha kachipangizo ka sipuling'i kofinya m'manja kaja. Ndaona ena akuuzani kale kuti mukwere minibasi mukagule makina ku Lilongwe. Ine ndikuti ya thiransipotiyo isungeni kaye.

Kofinya m'manjako si koipa ayi, koma kamadziwa ntchito imodzi basi, yotseka zala. Kotchipa kamakhalanso kofewa, moti pakatha milungu ingapo mumangokafinya uku mukucheza. Kumtunda kwa mkono sikafikako n'komwe.

Ngati mukufuna kugula chinthu chimodzi chokha, gulani ma dumbbell awiri osintha kulemera, aja mumalowetsa mapuleti achitsulo mbali zonse n'kumanga ndi nati. Minofu imakula mukamaiwonjezera katundu pang'onopang'ono. Chitsulo chosasintha cha makilogalamu 8 lero chikuvutani, miyezi itatu ikubwerayi chidzakhala choseweretsa, ndiye mudzayambanso kufunafuna ndalama. Pogula yang'anitsitsani bowo la mapuleti. Pali a bowo laling'ono, la mamilimita 25 mpaka 30, ndi a mtundu wa Olympic a mamilimita 50. Anthu ambiri amagula mapuleti kwina, chitsulo chapakati kwina, kufika kunyumba osalowana. Chitsulo chachitali cha Olympic chija chimalemera makilogalamu 20 pachokha ndipo n'chotalika mamita 2.2, pa nkhani ya mikono simukuchifuna, komanso m'chipinda cha lendi chikakhala pati? Ndalama ikadzapezeka ina mudzagule chokhotakhota chija amati EZ bar, chifukwa sichipweteka polumikizira dzanja ngati chowongoka.

Tsopano anyamata ambiri amalakwitsa apa. Amangopinda mkono tsiku lonse kufuna akatumba akutsogolo, biceps, osadziwa kuti mnofu waukulu wa kumtunda kwa mkono uli kumbuyo. Umenewo ndi triceps, uli ndi mitu itatu, ndipo ndi umene umadzadzitsa mkono wa malaya. Umagwira ntchito powongola chigongono. Gwirani dumbbell imodzi ndi manja onse awiri pamwamba pa mutu, itsitseni kumbuyo kwa khosi zigongono zitaloza kumwamba, kenako wongolani. Ma push up oyandikanitsa manja amaugwiranso bwino, osalipira kalikonse. Pansi pa biceps palinso mnofu wina wobisika, brachialis, umene ukakula umakankhira biceps m'mwamba. Umenewu mumaupeza mukagwira chitsulo ngati mwagwira hamala, chala chachikulu kumwamba, n'kumapinda mkono. Kagwiridwe komweko kamakulitsa mnofu wa pamwamba pa mkono wa kumunsi, choncho musamakusiye.

Ndalama ikachepa, simenti ilipo. Konkire amalemera pafupifupi makilogalamu 2.4 pa lita imodzi. Ndiye kuti zitini ziwiri za penti za lita imodzi, ndi kapaipi kachitsulo pakati, zikupatsani dumbbell ya makilogalamu 5 kapena kupitirira pang'ono. Zitini ziwiri za malita 5 pa paipi yaitali zikupatsani makilogalamu 24, osawerengera paipiyo. Sakanizani muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga wa kumtsinje, itatu ya timiyala ta kwale, madzi asachuluke. Musanathire, pitani kwa owotcherera m'tauni ya Kasungu akuwotcherereni tizitsulo tiwiri topingasa kumapeto a paipi, kapena boolani mulowetse misomali ikuluikulu. Mukapanda kutero konkire amadzavuka tsiku lina, ndipo amavuka muli mutanyamula, n'kugwera pachala cha phazi. Thirani mbali imodzi, iume masiku awiri, kenako mutembenuze muthire inayo. Muziwaza madzi kwa masiku 7, pamthunzi, mutafunditsa chiguduli chonyowa. Konkire amafika pafupifupi mphamvu yake yonse pa masiku 28, koma ndikudziwa simudikira mpaka pamenepo, musamangoziponya pansi. Zikauma kaziyezeni pa sikelo, mulembe kulemera kwake ndi penti. Sikelo za mavenda ena mukuzidziwa inu amene mwangogulitsa soya, ndiye zonse ziwiri muyeze pa sikelo imodzi, kuti ngakhale ikunama, iname mofanana. Dzanja lina likamanyamula 6 lina 5 mudzadabwa mikono ikusiyana.

Za kumunsi kwa chigongono, chipangizo chabwino kwambiri chimene ndikuchidziwa simungachipeze m'shopu ya pa Chinkhoma, mumapanga nokha. Dulani mpini wa khasu wotalika ngati masentimita 40, boolani pakati, lowetsani chingwe cha nayiloni chotalika mita imodzi ndi pang'ono, kumapeto mumangirire botolo la mafuta ophikira la malita 5. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho kulemera mumasankha nokha. Yambani ndi malita 2. Imirirani, gwirani mpiniwo patsogolo, muzikulunga chingwe ndi manja mpaka botolo lifike pamwamba, kenako mumasule pang'onopang'ono, osalisiya kuti lingogwa. Kukwera ndi kutsika katatu kokha mkono umatentha ngati mwaupaka tsabola wa kambuzi. Madzi akapepuka thiranimo mchenga.

China ndi zigubu ziwiri za malita 20. Zodzadza, chilichonse ndi makilogalamu 20. Yendani nazo kuchokera pa mjigo, msana uli chilili, mapewa osagwa. Zala zimalimba, ndipo kunyumba palibe angakunyozeni kuti mukutaya nthawi ndi zitsulo. Mukakumbira mitengo iwiri ya bulugamu n'kupingasa paipi pamwamba, mwapeza podzikokera. Zikhatho zikaloza kwa inu, biceps imagwira ntchito ndi thupi lanu lonse. Tsinde la mitengoyo lipakeni oyilo wakutha chifukwa cha chiswe.

Sankhani kulemera kumene mungakweze ka 8 mpaka ka 12, mupume mphindi imodzi kapena ziwiri, mubwereze katatu. Mukayamba kufika ka 12 mosavuta, onjezerani kilogalamu imodzi. Mukaona mukugwedeza msana kuti chitsulo chikwere, chalemera, chepetsani. Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira, tsiku limodzi lopuma pakati. Kuwawa kwa minofu mawa lake n'kwachibadwa, koma kubaya m'chigongono ndi chizindikiro choti musiye, ndipo kukapitirira kaonaneni ndi achipatala. Majakisoni ndi mapilitsi a steroid, mankhwala okulitsa minofu msanga, amene ena amatsatsa pa Facebook asiyeni, amawononga chiwindi ndi mtima, ngakhale mphamvu yobereka.

Soya uja mwagulitsa yense? Munthu wonyamula zitsulo amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, ndiye wa makilogalamu 60 akufunika magalamu ngati 96. Dzira limodzi lili ndi 6 okha, pomwe magalamu 100 a soya wouma ali ndi pafupifupi 36, mtedza 25. Ngati latsalako thumba, kazingani, mukagayitse pamodzi ndi chimanga, muzimwa phala m'mawa. Wosaphika musadye, amatupitsa m'mimba. Usipa ndi nyemba zikhale pa nsima ya masana.