Ngongole ilipo, koma mwini wake si amene akulamula

Akulu amene mwafunsa, ndaona kuti ambiri akuyankhani mwachidule ndipo ena mokunyozani, pomwe nkhani mwabweretsayi ndi yofunika kuikhalira pansi. Mwati kuchipatala amakulemberani mankhwala oti mukagule nokha, msewu wa kwanu uli maenje okhaokha, ndipo phungu amene munamuvotera sanaonekenso chitengereni mavoti anu. Tsono mukufunsa kuti muli ndi ngongole yanji ku boma yoti muziperekera msonkho, kuima pamzere wovota, kapena kukaumba njerwa za sukulu amfumu akamema anthu. Ine ndikuti kwa anthu amene ali pa mipando lero mulibe nawo ngongole, chifukwa iwowo ndi amene ali ndi ngongole kwa inu. Komabe ngongole ilipo ndithu, ndipo eni ake ndi anthu amene mumatunga nawo madzi pa mjigo umodzi, pamodzi ndi ena ambirimbiri a ku Chitipa kapena ku Nsanje amene simudzaonana nawo mpaka kalekale.

Chimatisokoneza choyamba ndi liwu lenilenilo loti boma. Liwuli linafala kuno m'nthawi ya atsamunda, ndipo linkatanthauza linga, malo otchingidwa kumene kunkakhala mzungu wolamula dera pamodzi ndi asilikali ake. Mpaka lero munthu wa ku Mayani akati akupita ku boma amatanthauza kuti akupita ku Dedza, kumene kuli maofesi, polisi ndi khoti. Choncho m'mitu mwathu boma ndi malo ena ake akutali, a anthu ena, kumene munthu amapitako atavala bwino komanso ali ndi mantha pang'ono. Makolo athu anakumana nalo koyamba kudzera mu msonkho wa nyumba umene unayamba m'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston akulamula, ndipo wolephera kupereka ankatha kutenthedwa nyumba. Munthu akamazula mawaya a magetsi kapena kutenga mabuku a sukulu n'kumati ndi za boma izi, amakhala akulankhula maganizo amene anabadwa nthawi imeneyo, akuti katundu wa boma ndi katundu wa mlendo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mlendoyo anachoka mu 1964, koma maganizowo anatsala, ndipo ali ndi olamula omwe, osati olamulidwa okha.

Liwu lina lotiphunzitsa zambiri ndi thangata. Poyamba linali liwu labwino, lochokera ku kuthangata, ndiko kuthandizana. Lero tikalima kwa uyu, mawa tikafolera denga kwa uja, ndipo palibe amene ankadandaula chifukwa aliyense ankadziwa kuti tsiku lake lidzafika. Eni minda ikuluikulu a m'madera a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anatenga liwu lomwelo n'kulipatsa ntchito yokakamiza, imene munthu ankagwira ngati lendi ya malo amene makolo ake anakhalapo kuyambira kale. Khasu linali lomwelo, thukuta lomwelo, koma zinthu ziwiri zinasintha: munda sunalinso wa anthu ogwira ntchitowo, ndipo iwo analibenso mawu pa za nthawi yoyamba ndi yowerukira. Kwa ine muyeso wa udindo wa nzika uli pamenepa. Chilichonse chimene dziko lingakupempheni, funsani kuti phindu lake likupita kwa yani, ndiponso ngati muli ndi mawu pa chinthucho. John Chilembwe anafunsa mafunso omwewa mu Novembala 1914, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times, podabwa kuti anthu amene sankawerengedwa kanthu pa nthawi ya mtendere ankatengedwa kukafa pa nkhondo ya azungu. Dziko limene limamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse silingamanene kuti kufunsa koteroko ndi kupanda ulemu.

Titalandira ufulu, udindo wa nzika unafotokozedwa ndi ngodya zinayi zimene ana asukulu tinkaloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mawuwa pawokha si oipa, koma panalibe ngodya yachisanu yonena za kufunsa. Ndimakumbukira ndili mwana mayi anga akumasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje pakhomo la msika, kutulutsa khadi la chipani lopindapinda kuti aonetse anyamata ovala malaya ofiira, dengu la tomato lili pamutu. Tsiku limene anaiwala khadilo tinabwerera ndi tomato wathu. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula makhadiwo, chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Sindikana kuti pa Sabata ya Achinyamata tinkakonza misewu ndi kumanga timilatho, ndipo akuluakulu ena amaikumbukira nthawiyo mosilira. Koma dziko, boma ndi chipani zinali zitasanduka chinthu chimodzi, moti wotsutsa chipani ankaoneka ngati woukira dziko. Funso lanu likuoneka kuti likadali ndi chisokonezo chomwecho, kungoti mwachitembenuza: mwakwiyira olamula, tsono mukufuna kulanga dziko.

Malamulo aakulu amene tinayamba kuwatsata mu 1994, anthu atasankha nyali, chizindikiro cha ulamuliro wa zipani zambiri, pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, analekanitsa zinthu zimenezi momveka bwino. Gawo 12 limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu a Malawi, kuti amene akuzigwiritsa ntchito angosungitsidwa, ndiponso kuti mphamvuzo zimakhala m'manja mwawo pokhapokha ngati anthu akupitiriza kuwakhulupirira, chikhulupiriro chimene chimasungika ndi boma lochita zinthu poyera ndi loyankha mafunso. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa za kusungitsa ziweto. Munthu amapereka mbuzi zake kwa mnzake wa mudzi wina kuti azimuwetera, ndipo wosungayo amapezapo manyowa, mwinanso kamwana kamodzi mbuzizo zikaswana. Mwini akamva kuti wosunga uja wayamba kugulitsa mbuzi mwamseri, sanena kuti basi mbuzizo si zanganso, ndiponso sapita kukatentha khola. Amanyamuka kukawerenga mbuzi zake, amafunsa za zimene zasowa, ndipo akapanda kukhutira amakatula nkhani kwa amfumu n'kukasungitsa kwa wina. Kuleka kuvota chifukwa chokwiya n'chimodzimodzi kumusiyira wosunga wosakhulupirikayo khola lonse.

Ndivomereze kuti osungawo akhala akuyesetsa kuti tisamawerenge. Mu 1995 aphungu anachotsa gawo 64, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, ndipo kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, anthu amene amayenera kukhala pafupi kwambiri ndi mavuto a msika ndi msewu wa kwanu. Nafenso eni mbuzi tinalakwitsa kwathu. Andale ena atayamba kunena pamisonkhano kuti ntchito zachitukuko zongodzipereka ndi thangata, ambiri tinaombera m'manja, ndipo posakhalitsa tinayamba kuyembekeza kuti phungu azitigulira mabokosi a maliro ndi kutigawira ndalama, m'malo moti azitifotokozera za malamulo amene akupanga. Munthu amene walandira nsalu ndi kandalama pa nthawi ya kampeni zimamuvuta kudzafunsa pambuyo pake, chifukwa pakamwa pamakhala patatsekedwa kale. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu kotereku, koma lamulo silingagwire ntchito ngati olandirawo ndi amene akuyamba kutambasula manja.

Pa za msonkho, dziwani kuti mukupereka kale, mufune musafune. Mukagula katundu wambiri wa m'sitolo mumalipira msonkho wa VAT, yomwe kwa zaka zambiri inali pa 16.5 peresenti, ndipo mu mtengo wa lita iliyonse ya petulo muli ndalama yokonzera misewu, imene woyendetsa minibasi amaitenga m'thumba mwanu kudzera mu mtengo wokwerera. Mayi wogulitsa masamba amadula chiphaso cha mumsika tsiku ndi tsiku. Amene ali ndi mpata weniweni wozemba msonkho si anthu ngati amenewa, koma ochita malonda akuluakulu amene amalowetsa katundu mwachinyengo pa Mwanza kapena pa Songwe. Tsono mukamalimbikitsa maganizo oti kuzemba msonkho ndi chilungamo, mukuthandiza iwowo, ndipo wovutika ndi mayi woyembekezera amene akapeze chipatala chilibe ngakhale magolovesi. Nduna ikadwala imakwera ndege. Mkwiyo wanu ndikuumvetsa, pakuti tonse tikukumbukira 2013, pamene zinadziwika kuti ndalama pafupifupi K24 biliyoni zinatuluka ku Capital Hill m'miyezi yowerengeka, kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Koma chimene chinachititsa kuti nkhani ija ikhale mlandu, anthu n'kumangidwa, n'chakuti ndalamazo zinali ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi inu ndi ine. Munthu amene wasonkha nawo pa maliro ndi amene amaima molimba mtima kufunsa kuti ufa wapita kuti.

Za kuvota sinditalikitsa, chifukwa umboni wake ndi waposachedwa. Chisankho cha pulezidenti cha pa 21 Meyi 2019 chinathetsedwa ndi majaji 5 pa 3 Febuluwale 2020, khoti lalikulu la apilo linagwirizana nawo mu Meyi, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni. Timakonda kutamanda majaji ndi maloya, koma mlandu uja sukanaima popanda anthu wamba amene anachezera usiku m'makalasi a sukulu za pulayimale akuyang'anira kuwerenga mavoti, n'kusunga mapepala a zotsatira amene pambuyo pake anaonetsa pamene panafufutidwa ndi Tipp-Ex. Kaya munakondwera ndi amene anapambana kaya ayi, nkhani ija inaonetsa kuti kuwerenga mbuzi n'kotheka.

Pali mbali ina ya funso lanu imene ndi yovuta kwambiri, yakuti kodi nzika iyenera kumvera lamulo lililonse. Ine ndikuti ayi, koma kukana kuli mitundu iwiri. Maepiskopi a Katolika amene kalata yawo yodzudzula boma la chipani chimodzi inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 anasaina mayina awo, ndipo apolisi atawaitana anapita. Chakufwa Chihana, womenyera ulamuliro wa zipani zambiri, anatsika ndege ku Lilongwe pa 6 Epulo chaka chomwecho akudziwa bwino kuti amangidwa, ndipo anamangidwadi. Anthu amenewa anakana poyera, anapereka zifukwa zawo, analandira zowawa zake, ndipo chimene ankafuna chinali chokomera aliyense, ngakhale amene ankawazunzawo. Uyo amene amapatsa wapolisi wa pamsewu kandalama kuti galimoto yake yopanda mabuleki idutse nayenso waphwanya lamulo, koma wachita mobisa, mopindulira iye yekha, ndipo amene angafe pa ngozi ndi anthu ena. Chimodzimodzi pa zionetsero: anthu pafupifupi 20 amene anafa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 timawalira mpaka lero, koma wothyola sitolo ya mnzake pa tsiku la zionetsero asadzitche womenyera ufulu, chifukwa mwini sitoloyo si amene anakweza mtengo wa mafuta. Gawo 12 lomwe lija, m'ndime imene anaonjezera mu 2010, limanena kuti munthu aliyense ali ndi udindo kwa anthu anzake, kwa banja lake, kwa anthu a m'dera lake ndi kwa dziko, ndipo limayamba ndi anthu anzake lisanatchule dziko.

Zatsala njerwa zija. Kumudzi kwathu tinaumbapo njerwa za midadada iwiri ya sukulu, amayi akutunga madzi kudambo, ife abambo tikuponda dothi ndi kutema nkhuni zootchera, titalonjezedwa kuti simenti ndi malata zibwera kuchokera ku thumba la chitukuko cha m'dera. Mvula inagwa kawiri pa uvuni uja mpaka udzu unamera pamwamba pake, ana akuphunzirabe pansi pa mtengo wa mango. Anthu ambiri analumbira kuti sadzaumbanso, ndipo sindinawadzudzule, chifukwa pa nthawi imeneyo ntchito yathu inali itasandukadi thangata: tinakhetsa thukuta koma tinalibe mawu. Amene anasintha zinthu anali mayi wina wa m'komiti ya sukulu, munthu amene sanafike ngakhale ku sekondale. Iye anaumirira kuti nkhaniyo ilembedwe m'mabuku a komiti ya chitukuko ya mudzi, anaitengera ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ndipo kumeneko anapempha, pamaso pa anthu, kuti awerengeredwe ndalama zimene zinatuluka m'dzina la sukulu yathu ndi dzina la amene anasainira. Anamuuza kuti abwere mwezi wamawa, iye anabweradi, anamuuzanso chimodzimodzi, iye anabweranso, ulendo uno ali ndi amayi anzake ndi amfumu. Simenti inafika, ngakhale inali yongokwanira mdadada umodzi.

Lero njira yotereyi ili ndi lamulo kumbuyo kwake, pakuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo mungathe kulemba kalata ku khonsolo ya kwanu kufunsa za ndalama za msewu mukudandaula nawowo. Amfumu akamemanso anthu, ine ndikanakhala inu ndikanapita ndi chikombole changa, koma ndisanaponde dothi ndikanapempha kuti tiuzidwe poyera kuti simenti ichokera kuti, matumba ndi angati, ndipo asunge makiyi ndani. Njerwa za mdadada wachiwiri uja zikadalipo kuseri kwa sukulu, ndipo mayi aja akuti nkhaniyo sinathe.